Telesifolo: dzina lachigiriki lomwe linakafika ku Minga

Pamaliro kwathu ku Petauke, mlembi akaimirira kuwerenga mayina a anthu amene apereka chipepeso, munthu wotchera khutu atha kudziwa mbiri ya mudzi wonse osafunsa aliyense. Akatchula Gerevazio, Protazio, Anakleto kapena Evaristo, dziwani kuti banja limenelo ndi la Akatolika, ndipo mukalondola mizu yake mukathera ku mishoni ya Minga. Akati Filemoni, Onesimo kapena Timoteo, amenewo ndi a Dachi, a mpingo wa Dutch Reformed, omwe makolo awo ankapondaponda njira ya ku mishoni ya Nyanje, ya ku Merwe, kapena ya ku Hofmeyr kumbali ya Nyimba. Sikisipensi ndi Foloko ndi mayina obwera nawo ku Walale, kumapulazi ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia. Ndipo pansi pa onsewa pali mayina a pamchombo, a Mabvuto, a Masiye, a Misozi, amene amanena zomwe zinkachitika pakhomo tsiku lomwe mwana anabadwa.

Pa mayina onse a ku mishoni, lilipo limodzi lomwe m'dera lathu lonse ndinalimva pa munthu mmodzi yekha. Munthuyo anali ambuya anga, obala amayi, ndipo dzina lawo la ubatizo linali Telesifolo.

Kunena zoona silinkamveka kawirikawiri. Kwa Ansenga munthu wamkulu satchulidwa dzina wamba. Ambuya aakazi ankawaitana kudzera pa mwana wawo woyamba, kuti awisi a uje, ndipo amuna anzawo ankawatchula ndi chiwongo. Dzina la Telesifolo linkatuluka patchalitchi, ansembe akabwera kudzachita Misa, ndi kuboma pa nkhani za mapepala. Mapepalawo sankagwirizana. Pa chitupa chakale linalembedwa mwina, pa reji mwina, ndipo m'kaundula wa ubatizo, momwe ansembe ankalemba m'Chilatini, muli Telesphorus. Ife adzukulu tinkanong'onezana kuti ambuya ndi achibale ake a telefoni ndi televizhoni. Nthabwala imeneyo inali yophonya, ngakhale mawu onsewo ndi achigiriki. Tele wa mu telefoni amatanthauza kutali. Wa m'dzina la ambuya ndi mawu ena.

Eni ake amalemba Telesphoros, ndipo ndi mawu awiri olumikizana. Oyamba ndi telos, mapeto a chinthu, koma mapeto a chinthu chimene chafika pomwe chimayenera kufika, osati chimene chadukira panjira. Achiwiri ndi phero, kunyamula kapena kubweretsa, omwenso ali kumapeto kwa dzina la Christopher, wonyamula Khristu. Tikawaphatikiza tipeza munthu wofikitsa zinthu pamapeto pake, wokwaniritsa. Wina angafulumire kunena kuti pa Chichewa ndiye Malizani kapena Tsirizani. Mawuwo akufanana ndithu, koma mtima wake ndi wosiyana kutalitali. Kwathu mwana amatchedwa Malizani pakhomo pomwe maliro achuluka, ndipo dzinalo limakhala likuyankhula ndi imfa kapena ndi wochita zoipa, kuti poti mwayamba kale, ingotimalizani tonse. Telesphoros ndi dzina la chiyembekezo, la mbewu yomwe yafika pokhwima.

Mawuwa ndi akale kuposa Chikhristu. Mu ndakatulo za Homer, zomwe zatha zaka zoposa 2,600, amagwiritsidwa ntchito ponena za chaka chathunthu, chimene chazungulira nyengo zake zonse. M'Chipangano Chatsopano mneni wochokera ku mawu omwewa amapezeka malo amodzi okha, pa Luka 8:14, m'fanizo la wofesa mbewu. Ndi pamene akulongosola za mbewu yogwera paminga, yomwe imamera ndithu koma imatsamwitsidwa, ndipo zipatso zake sizifika pokhwima. Kufika pokhwimako m'Chigiriki cha Luka ndi telesphoreo. Ambuya, amene ankatsogolera mapemphero ku tchalitchi cha kumudzi Lamulungu lomwe ansembe sanabwere, analiwerenga fanizoli kambirimbiri pa Chinyanja, dzina lawo lili kunsi kwa vesilo. Ndipo mishoni yomwe inawapatsa dzina la mbewu yokhwimayo ndi ya ku Minga. Ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha.

Munthu woyamba wodziwika bwino m'mabuku a mbiri amene anali ndi dzinali sanali woyera ngakhale pang'ono. Alexander Wamkulu atamwalira m'chaka cha 323 Khristu asanabadwe, akazembe ake anayamba kulimbirana ufumu. Mmodzi wa iwo, Antigonus, anatuma mkulu wa asilikali dzina lake Telesphoros ndi zombo 50 ku chigawo cha Peloponnese cha m'ma 313, kuti akachotse asilikali a adani m'mizinda ya Agiriki. Ntchitoyo anaiyamba bwino. Pasanapite nthawi anachita nsanje ndi kazembe mnzake amene anapatsidwa udindo woposa wake, nagalukira mbuye wake, nalanda mzinda wa Elis, nafunkha chuma cha kumalo opatulika a ku Olympia, komwe kunayambira masewera a Olimpiki. Wolemba mbiri Diodorus ndiye anatisungira nkhaniyi. Ikutiuza chinthu chimodzi chofunika: dzinali linali la anthu wamba kalekale.

Koma chomwe chinalitchukitsa ndi kamulungu kakang'ono ka ku Pergamon.

Mzinda umenewu lero ndi Bergama, kumadzulo kwa dziko la Turkey, ndipo owerenga Baibulo amaudziwa kuti Pergamo, umodzi mwa mipingo isanu ndi iwiri ya m'buku la Chivumbulutso. Kunja kwa mzindawo kunali malo opatulika a Asklepios, mulungu wa machiritso wa Agiriki. Chizindikiro chake tonse timachiona osachizindikira: ndi ndodo yozengedwa ndi njoka ija yomwe imajambulidwa pa ambulansi ndi pa chizindikiro cha bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO. Malowo anali kachisi komanso chipatala nthawi imodzi. Wodwala akafika ankasamba m'madzi a kasupe, kupereka nsembe, kenako kukagona m'chipinda chapadera kudikira kuti mulunguyo amulotetse mankhwala ake. M'mawa ankafotokoza malotowo kwa ansembe a pamalopo, iwo n'kumuuza chochita: kumwa zitsamba, kudzola matope, kusala zakudya zina, kusamba madzi ozizira, kuyenda. Panali nyumba ya mabuku ndi bwalo la zisudzo lokwana anthu pafupifupi 3,500, chifukwa ankakhulupirira kuti wodwala afunikanso kusangalatsidwa. Galen, sing'anga amene mabuku ake anaphunzitsa madokotala a ku Ulaya ndi a Chiarabu kwa zaka zoposa 1,000, anabadwira mu mzinda womwewu m'chaka cha 129.

Pa zosema ndi pa ndalama zachitsulo za nthawi imeneyo, Asklepios amaoneka bambo wa ndevu atatsamira ndodo yake. Pambali pake pamakhala Hygieia, mulungu wamkazi wa ukhondo ndi thanzi. Pakati pawo, kapena cha kumapazi kwawo, pamaima kamnyamata kakafupi, kovala chofunda chokhala ndi chipewa chake chomwe, chochokera kumutu mpaka kumiyendo, manja ali m'kati. Ameneyo ndiye Telesphoros. Ntchito yake sinali yopeza matenda kapena yopereka mankhwala. Iye anali woyang'anira masiku aja pamene matenda agonja koma thupi silinabwerere m'chimake. Aliyense amene anadwazikapo munthu wa malungo aakulu amawadziwa masiku amenewa. Kuchipatala amutulutsa, kutentha kwa thupi kwatha, koma miyendo ikunjenjemera, m'kamwa mukuwawa, nsima ikukanika, akungomwa phala. Kamulunguko kamaoneka ndendende ngati wodwala wotereyu, atadzikulunga m'bulangete m'mawa wa mwezi wa Juni, akuwothera dzuwa kukhonde.

Ine ndimaona kuti apa Agiriki anaganiza mozama. Ife timathokoza dokotala amene anabaya jakisoni, ndipo n'koyenera kutero, koma amene amaphika phala kwa milungu ingapo, kuchapa zofunda, kugwira wodwala padzanja popita kuseri, sitimuwerengera kuti nayenso wachiritsa. Iwo gawo limeneli analipatsa mwini wake ndi dzina lake.

Pausanias, yemwe anayendera dziko la Greece m'zaka za m'ma 100 AD akulemba zomwe ankaona, ananena kuti mulungu ameneyu anali ndi mayina osiyana malinga ndi dera: ku Epidauros ankamutcha Akesis, ku Titane ankati Euamerion, ndipo anthu a ku Pergamon ndiwo ankati Telesphoros. Katswiri wa kuyankhula pagulu, Aelius Aristides, amene anadwala zaka zambiri nakhala nthawi yaitali pamalo opatulikawo, analemba maloto ake, ndipo Telesphoros amatulukamo. Akatswiri ena a mbiri amaganiza kuti kamulungu kovala chipewaka kanabwera ndi Agalatiya, mtundu wochokera ku Ulaya womwe unawolokera ku Asia Minor cha m'ma 278 Khristu asanabadwe, omwe aja mbadwa zawo Paulo anazilembera kalata. Chifukwa chake n'chakuti ku France ndi ku Britain, komwe kunkakhala abale awo, kwafukulidwa timafano tambiri tovala zofunda za zipewa chimodzimodzi. Alendo okaona mabwinja a ku Bergama lero amaonetsedwa nyumba yozungulira yomwe amafikako podzera m'ngalande ya pansi pa nthaka, ndipo ambiri amaitchula kuti kachisi wa Telesphoros.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandigwira mtima. Ambuya anali munthu wosanyengerera pa za chipembedzo. Sankapita kokathira nsembe kwa mizimu, ndipo dzina lawo la pamchombo analisiya tsiku la ubatizo osalitchulanso, poti m'badwo wawo unaphunzitsidwa kuti mayina a makolo ndi a moyo wakale. Akadamva kuti dzina latsopanolo linkalembedwa pansi pa fano m'kachisi wa anthu akunja, sindikhulupirira kuti akadagona tulo usiku umenewo. Ndipo silokhali. Dionizio likuchokera kwa Dionysos, mulungu wa vinyo. Isidolo ndi mphatso ya Isis, mulungu wamkazi wa ku Egypt. Demetriyo ndi wa Demeter, mulungu wamkazi wa zokolola. Martin ndi wa Mars, mulungu wa nkhondo wa Aroma. Akhristu oyambirira ambiri ankalowa m'madzi a ubatizo ndi mayina omwe makolo awo achikunja anawapatsa, n'kutuluka nawo omwewo. Dzina linkayera chifukwa cha moyo wa mwini wake. Apolo, mnzake wa Paulo pa ntchito yolalikira, sanauzidwe kuti asinthe dzina. Mabvuto wa ku Petauke ndiye anauzidwa.

Munthu amene anayeretsa dzina la Telesphoros anali episkopi wa ku Roma, Papa wachisanu ndi chitatu tikayamba kuwerengera pa Petro. Mndandanda wake umayenda chonchi: Petro, Lino, Anakleto, Klementi, Evaristo, Alekizanda, Sikisto, Telesifolo. Mayina amenewa ine ndinayamba kuwamva kudimba ndi kuchigayo ndisanawaone m'buku lililonse, chifukwa pafupifupi lililonse linali ndi mwini wake m'midzi yozungulira Minga. Angapo mwa iwo ndi achigiriki, monga Anakleto, wopanda chomuneneza, ndi Evaristo, wokondweretsa. Izi siziyenera kudabwitsa, pakuti mpingo wa ku Roma m'zaka zoyambirirazo unkapemphera ndi kulemba m'Chigiriki. Chilatini chinadza pambuyo.

Telesphorus anatsogolera mpingowo kwa zaka pafupifupi 11, kuyambira cha m'ma 126 mpaka cha m'ma 137, m'nthawi ya mfumu Hadrian. Imeneyi ndi nthawi yomweyo pamene nkhope ya kamulungu kovala chipewa kaja inkasindikizidwa pa ndalama za ku Pergamon. Dzina la episkopiyo linali lomwelo la fanolo, koma palibe amene anaona chifukwa chomusinthira.

Zodalirika zokhudza iye n'zochepa koma n'zolimba. Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, analemba mndandanda wa maepiskopi a ku Roma cha m'ma 180, patangopita zaka 40 ndi zochepa chimwalirireni Telesphorus. Pa mayina onse otsatira atumwi m'ndandandawo, ndi pa iye yekha pomwe anaima n'kunena kuti anachitira umboni chikhulupiriro chake mwaulemerero, kutanthauza kuti anaphedwa chifukwa cha icho. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri amati mwa apapa a m'zaka za m'ma 100 AD, iyeyu ndiye amene kufera kwake chikhulupiriro kuli ndi umboni wakale wosakayikitsa. Irenaeus yemweyo anamutchulanso m'kalata yopita kwa Papa Victor, pa mkangano wa tsiku la Pasaka. Akhristu a ku Asia Minor ankatsata tsiku la 14 la mwezi wa Chiyuda wa Nisani, kaya ligwe pa Lachiwiri kaya pa Lachisanu, pamene a ku Roma sankatero. Victor ankafuna kuwadula mu mpingo. Irenaeus anamukumbutsa kuti amene analipo iye asanabwere, kuphatikizapo Telesphorus, ankasiyana nawo pa mwambo umenewu koma ankakhala nawo mwamtendere. Kwa ine, wobadwa kwa mayi wa Chikatolika ndi bambo wa Dachi, imeneyi ndiyo mbiri yake yokoma koposa.

Zina zimene amamunenera zinabwera mochedwa. Buku la mbiri ya apapa lotchedwa Liber Pontificalis, lomwe linayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 500, limati anali Mgiriki amene poyamba ankakhala yekha kuchipululu akupemphera, ndipo a chipani cha Karimeli amamutenga ngati mmodzi wa iwo pa chifukwa chimenechi. Limatinso iye ndiye anayambitsa kusala kwa milungu isanu ndi iwiri Pasaka asanafike, Misa ya usiku wa Khrisimasi, ndi kuimba Gloria pa Misayo. Ambuya ankaikonda kwambiri mfundo ya Misa ya usikuyi, ndipo chaka ndi chaka ankatikumbutsa kuti mwini dzina lawo ndiye anaiyamba. Akatswiri samaivomera, chifukwa umboni woyamba wa Khrisimasi ya pa 25 Disembala ku Roma ndi wa m'chaka cha 336, patapita zaka 200 Telesphorus atafa. Munthu sangakonze Misa ya chikondwerero chomwe sichinayambe.

Nanga dzinali linayenda bwanji kuchoka ku Roma mpaka kudzafika m'dziko la Kalindawalo? Silinabwere ndi amalonda achigiriki, ngakhale Agiriki akhala akuchita malonda m'Zambia kwa zaka zambiri. Kwawo komweko ndi dzina losowa. Linabwera ndi kalendala ya oyera, m'chikwama cha ansembe a White Fathers. Chipani chimenechi chinayambitsidwa ndi Charles Lavigerie ku Algiers m'chaka cha 1868. Anafika ku Mambwe, kumpoto kwa Zambia, mu 1891, anatsegula Kachebere m'malire a Malawi mu 1903, ndipo Minga inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1920. Mu 1937 dera la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, linapatulidwa kukhala loima palokha, ndipo kuyambira 1947 mpaka 1970 linatsogoleredwa ndi Firmin Courtemanche, wa ku Quebec m'dziko la Canada. Quebec ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Kumeneko m'zaka za m'ma 1800 makolo ankakonda kupatsa ana mayina a oyera akalekale, ndipo Télesphore linali limodzi mwa iwo. Kuli mudzi wotchedwa Saint-Télesphore, ndipo mmodzi mwa oweruza oyamba a khoti lalikulu la Canada mu 1875 anali Télesphore Fournier. Kwa wansembe wokulira m'dziko lotero, dzina lomwe ife linkatipinda lilime linali la tsiku ndi tsiku.

Panalinso lamulo. Buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la 1917, pa nambala 761, linkauza ansembe kuti aonetsetse kuti wobatizidwa wapatsidwa dzina lachikhristu. Makolo akaumirira dzina lawo, wansembe ankayenera kuwonjezerapo la woyera wina n'kulemba onse awiri m'kaundula. Kwa akuluakulu njira yake inali yaitali, poti Lavigerie analamula kuti wofuna ubatizo aphunzire zaka zinayi. Pomaliza pa zaka zimenezo munthu ankalandira dzina ndi woyera womuyang'anira, amene Akatolika amamutcha nkhoswe. Ena ankasankha okha dzina lomwe analimva kwa mphunzitsi kapena kwa mnzawo. Ena ankapatsidwa la woyera wa tsiku lomwe anabadwa kapena kubatizidwa. M'banja mwathu amati ambuya linawagwera motero, kuchokera pa kalendala, ndipo nkhoswe yawo ankaikumbukira pa 5 Januwale. Imeneyi si nthawi ya phwando kwathu. Mvula ili pakati, udzu wakula m'minda ya chimanga ndi ya nshawa, nkhokwe zapepuka. Komabe tsiku limenelo khasu ankalisiya mpaka atabwerako kopemphera.

Kuchimuna kwathu, ku Nyimba, simungapeze Telesifolo ngakhale mutafufuza motani, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. A Dutch Reformed, amene anatsegula Nyanje mu 1905, Hofmeyr mu 1914 ndi Merwe mu 1923, analibe kalendala ya oyera. Gwero lawo la mayina linali Baibulo, makamaka Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922. Dzina lomwe mulibe m'menemo silinkaloledwa kulowa m'nyumba. Azakhali anga ankawaseka a kwa amayi kuti mayina awo ndi a m'botolo la mankhwala, ndipo a kwa amayi ankabweza kuti a Dachi onse ndi Filemoni. Sankadziwa kuti mbali zonse ziwiri zikutunga pachitsime chimodzi. Filemoni ndi Chigiriki, kutanthauza wachikondi. Timoteo ndi wolemekeza Mulungu, Teofilo ndi bwenzi la Mulungu, Sitefano ndi nkhata ya ulemu ya wopambana, Filipo ndi wokonda akavalo. Onesimo ndi wothandiza, ndipo linali dzina lomwe ankakonda kupatsa akapolo.

M'chaka cha 1969, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican utatha, Papa Paulo VI anavomereza kalendala yatsopano, ndipo oyera ambiri akale anachotsedwa pa masiku okumbukiridwa ndi mpingo wonse. Telesphorus wa pa 5 Januwale anali mmodzi mwa iwo. Chifukwa chomwe okonza kalendalayo anapereka ndi chodabwitsa. Atafufuza m'mindandanda yakale ya ofera chikhulupiriro, anapeza kuti Telesphorus wa tsiku limenelo sanali Papa uja, koma munthu wina wa dzina lomwelo amene anaphedwera ku Africa, ndipo olemba a pambuyo anasokoneza awiriwa. Africa ya m'mabuku amenewo ndi ya kumpoto, komwe lero kuli Tunisia ndi Algeria, dera lomwelo komwe chipani cha White Fathers chinabadwira. Ndiye kuti kwa moyo wawo wonse ambuya ankasiya khasu pa tsiku la Mwafirika mnzawo, akuganiza kuti akulemekeza Papa wa ku Roma. Lero Papayo amakumbukiridwa pa 2 Januwale m'buku la Roma la ofera chikhulupiriro, ndipo mpingo wa Agiriki umamukumbukira pa 22 Febuluwale.

Lamulo la mayina nalonso linasintha. Buku latsopano la malamulo la 1983, pa nambala 855, limangopempha makolo, oimira mwana ndi ansembe kuti asapereke dzina lotsutsana ndi mtima wa Chikhristu. Za dzina la woyera silikakamiza. Kuyambira pamenepo Chisomo, Dalitso, Mphatso ndi Taonga akubatizidwa ndi mayina awo omwewo, monga ankachitira Akhristu a ku Roma zaka 1,900 zapitazo. Ndikusangalala nazo, ngakhale ndiyenera kunena kuti malo omwe a Gerevazio ndi a Protazio anasiya sanatengedwe ndi mayina a Chinsenga okha. Lowani m'kalasi iliyonse ku Petauke mumve kuchuluka kwa a Blessings ndi a Gift.

Mayina a pakalendala atsalira pa m'badwo womwe ukutha. Kadinala woyamba wobadwira m'Zambia, yemwe anali episkopi wa Chipata kuyambira 1971 mpaka 1996 asanasamukire ku Lusaka, anali Medardo Mazombwe, ndipo Medardo ndi dzina la episkopi wa ku Noyon m'dziko la France wa m'zaka za m'ma 500. Amene anamulowa m'malo ku Lusaka mu 2006 ndiye Telesphore yekhayo amene Azambia ambiri anamumvapo: Telesphore Mpundu, wobadwa mu 1945 kumpoto kwa dziko lino, komwenso kunali dera la White Fathers. Anakhala episkopi mu 1987, natsogolera arkidayosizi ya Lusaka mpaka 2018, ndipo chifukwa choti sankaopa kudzudzula boma, owulutsa nkhani pawailesi anakakamizika kuphunzira kutchula dzina lake. Dzina lakelo limalembedwa mwa Chifalansa. Asipanishi ndi Apwitikizi amalemba Telésforo, Ataliyana Telesforo. Ku India kunali Telesphore Toppo, arkiepiskopi wa ku Ranchi, amene mu 2003 anakhala kadinala woyamba wochokera m'mitundu ya Adivasi, ndipo anamwalira mu 2023. Nayenso anabadwira m'dera la mishoni, kutali ndi Greece.

Agiriki ali ndi mwambo woti mwana wamwamuna woyamba atenge dzina la agogo ake, ndipo umenewu ndi womwe wasunga mayina awo kwa mibadwo yambiri. Ifenso tili ndi kulowa dzina, koma dzina lolowedwa ndi la pampando kapena la mkulu wa banja, la Kalindawalo, la Ndake, la Nyalugwe. Dzina la ubatizo nthawi zambiri limapita kumanda ndi mwini wake. Ambuya atamwalira, amene analowa m'malo mwawo pa zabanja anatenga udindo ndi ulemu, koma Telesifolo sanamutenge.

Amalume anayesapo kamodzi kulidzutsa. Msuweni wanga amene amagulitsa nthochi pamalo oimapo mabasi ku Nyimba atabereka mwana wamwamuna, iwo anakwera basi kuchokera ku Minga Stop kukapempha kuti mwanayo atchedwe dzina la ambuya. Anafotokoza zonse zomwe ankadziwa, za Papa, za Misa ya usiku, za munthu wofikitsa zinthu pamapeto. Msuweniyo anamvetsera mwaulemu atagwada, kenako anati: "Amalume, ndamva. Koma mwana wangayu pa mayeso a Giredi 7 anzake azidzatuluka atamaliza, iye akulembabe dzina."